Musanawatche akapolo a ku Mayotte, yambani mwaona za ku Moroni

Dzulo pa gulu lathu la WhatsApp m'bale wina walemba kuti andale a ku Mayotte, chilumba choyandikana ndi Comoros chomwe chili m'manja mwa France, ndi akapolo a France, anagulitsa abale awo a ku Comoros. Zandiwawa mpaka tulo osabwera.

Namondwe wa Chido uja, asanatipeze kuno kudzera ku Mozambique, anayamba wasesa Mayotte pa 14 Disembala 2024, nyumba za malata n'kugwa ngati mapesi. Pulezidenti wa France, Emmanuel Macron, atafikako, anthu anamukalipira pamaso kuti madzi akumwa ali kuti, makamera akujambula. Phungu wawo, mayi Estelle Youssouffa, amaimirira m'nyumba ya malamulo ku Paris n'kudzudzula nduna kuti chilumba chawo anachitaya. Akatero amakagona mtima uli m'malo, wapolisi sagogoda pakhomo usiku. Kapolo wake uti amachita zimenezo?

Tsono wolokani nyanja, mufike ku Moroni, likulu la Comoros. Azali Assoumani analanda boma ndi asilikali mu 1999, anachokapo, anabwereranso mu 2016, ndipo mpando waukakamira. Ahmed Abdallah Sambi, yemwe analinso pulezidenti, anamugamula ndende ya moyo wonse mu 2022. Mu 2024 Azali anapatsa mwana wake, Nour El Fath, udindo waukulu m'boma. Wotsutsa kumeneko amayankhula akucheukacheuka.

Ndivomere, Comoros ili ndi mfundo. Mu 1974 mavoti a zilumba zitatu za Comoros ndi a ku Mayotte ataphatikizidwa, ufulu wochoka m'manja mwa France unapambana, United Nations inaima nawo, ndipo pa mbendera yawo nyenyezi zikadali zinayi. Mawu aukali a mayi Youssouffa pa anthu obwera pa timabwato ta kwassa-kwassa kuchokera ku Anjouan, chilumba cha Comoros chomwe chili pa mtunda wa makilomita 70 okha, amandilasa mtima, poti ambiri amathera m'nyanjamo ndipo ndi magazi amodzi. Umphawi nawo ku Mayotte ngwoopsa: mu 2023 mipope inkatulutsa madzi tsiku limodzi pa masiku atatu.

Koma kukhala ndi France sanachite kuwakakamiza. Amayi a gulu la Zéna M'Déré ankazinga andale ochokera ku Moroni n'kuwagirigisha mpaka athawe. Anthu a ku Mayotte anakana kuchoka m'manja mwa France mu 1974 ndi 1976, ndipo mu 2009 oposa 95 pa 100 alionse anavota kuti chilumbacho chikhale chigawo chenicheni cha France. Wandale wa kumeneko akunyamula mawu a anthu ake.

M'bale wangayo ndamufunsa kuti n'chifukwa chiyani timabwatoto timaloza ku Mayotte, osati ku Moroni. Mpaka pano sanandiyankhe.