Za ku Nepal musanamizire alendo, olakwa ndi madala atatu a komweko

Zandikwana. M'gulu lathu la pa WhatsApp wina watumiza uthenga wamawu, bambo amene sitikumudziwa n'komwe akufotokoza mosaphethira kuti zionetsero za achinyamata zimene zinagwetsa boma ku Nepal mu Sepitembala 2025 ndi ntchito ya America. Akuti nduna yaikulu K.P. Sharma Oli anapita ku Beijing kukaonerera perete wa asilikali pa 3 Sepitembala, azungu n'kukwiya, n'kulipira ana kuti amugwetse. Wina n'kuyankha kuti ayi, si America, ndi India. Ndipo anthu ophunzira bwino, ena oti amaphunzitsa ana athu, akungovomereza. Zandiwawa kwambiri.

Abale anga, anthu 19 anafa tsiku limodzi lokha, pa 8 Sepitembala 2025, ambiri mwa iwo achinyamata owomberedwa ndi apolisi pafupi ndi nyumba ya malamulo ku Kathmandu, ena atavala yunifolomu ya sukulu. Inu mukuti analipidwa. Analipidwa zingati? Ndani amalandira ndalama kuti chipolopolo chimulowe m'mutu? Pamene zionetsero zimatha, akufa anali atapitirira 70. Makolo awo akulira mpaka lero, ife tili pa foni kunena kuti ana awo anali aganyu a dziko lina. Kumeneko ndi kutukwana maliro.

Amene anakwiyitsa ana aja ali ndi mayina, ndipo mayinawo si a ku Washington, si a ku Delhi, si a ku Beijing. Ndi Oli, wobadwa mu 1952. Ndi Sher Bahadur Deuba, wobadwa mu 1946. Ndi Pushpa Kamal Dahal amene amadziwika kuti Prachanda, wobadwa mu 1954. Kuyambira 2015 mpaka tsiku limene Oli anatula pansi udindo, mpando wa nduna yaikulu sunachoke m'manja mwa atatu amenewa. Oli, Prachanda, Deuba, Oli, Deuba, Prachanda, Oli. Zaka khumi zathunthu! Deuba yekha wakhalapo kasanu, kuyambira 1995 muja. Dziko la anthu pafupifupi 30 miliyoni, koma oyenera kulamulira ati ndi atatu basi.

Taonani zimene anachita ndi chisankho cha Novembala 2022, chifukwa apa ndi pamene mtima wanga umatentha. Nyumba yawo ya malamulo ili ndi mipando 275. Chipani cha Deuba, Nepali Congress, chinapeza 89. Chipani cha Oli, UML, chinapeza 78. Chipani cha Prachanda chinapeza 32 yokha. Pa kampeni Prachanda anayenda ndi Deuba, anthu anavota akudziwa kuti awiriwa ali pamodzi. Mavoti atawerengedwa, Deuba atakana kumusiyira mpando, Prachanda anangowoloka msewu n'kukagwirana chanza ndi Oli, mdani wake wadzulo, ndipo mu Disembala munthu wa aphungu 32 anakhala nduna yaikulu. Miyezi itatu isanathe anam'taya Oli n'kubwerera kwa Deuba. Mu Malichi 2024 anam'tayanso Deuba n'kubwerera kwa Oli. Mu Julayi chaka chomwecho Oli ndi Deuba anagwirizana okhaokha, n'kumuchotsa iyeyo, n'kupangana kuti azisinthana mpandowo, Oli ayambe, Deuba atsirize. Zonsezi popanda kufunsa ovota ngakhale kamodzi. Mayi wa kumapiri amene anayenda maola ambiri kukaponya voti yake, voti imeneyo inathera kuti? Inathera m'zipinda mmene madala atatu amagawana maunduna.

Ndiye wina aziti ndi America. America ndi amene anauza Prachanda kuti asinthe mnzake katatu pa zaka ziwiri? India ndi amene anauza Oli kuti athetse nyumba ya malamulo mu Disembala 2020, khoti lalikulu n'kuibwezeretsa, iye n'kuithetsanso mu Meyi 2021, khoti n'kuibwezeretsanso? China ndi amene anatseka masamba a mchezo 26 pa 4 Sepitembala 2025, Facebook, WhatsApp, YouTube ndi ena, m'dziko limene pafupifupi banja lililonse lili ndi mwana kunja ndipo limalankhula naye kudzera pa masamba omwewo? Anatseka ndi Oli ndi nduna zake, ati makampaniwo sanalembetse ku unduna. Anatseka pa nthawi imene achinyamata anali pakalikiliki kufalitsa zithunzi za ana a andale, amene amawatchula kuti nepo kids, akudzionetsa ndi magalimoto odula ndi maulendo a kunja pamene anzawo akusowa ntchito. Mwana wa ku Kathmandu safuna kazitape wochokera kutali kuti amuuze kuti wakwiya. Maso ali nawo.

Musandimve molakwa. Sindikunena kuti mayiko akuluakuluwo ndi angelo. Nepal ili pamalo ovuta, ndipo mfumu imene inagwirizanitsa dzikolo m'zaka za m'ma 1700, Prithvi Narayan Shah, inanena kale kuti dziko lake lili ngati chilazi chomera pakati pa miyala iwiri. Kumwera India, kumpoto China, nyanja palibe. Mu Epulo 2015 chivomerezi chinapha anthu pafupifupi 9,000. Mu Sepitembala chaka chomwecho, dziko litangokhazikitsa malamulo ake atsopano amene India sanasangalale nawo, katundu anasiya kulowa pa chipata cha Birgunj cha m'malire ndi India mpaka Febuluwale 2016. India inkati otseka msewu ndi anthu a mtundu wa Madhesi amene amachita zionetsero, a ku Nepal ankati ndi India yemweyo. Mafuta a galimoto anasowa, gasi wophikira anasowa, mankhwala anasowa, anthu akugona m'matenti nyengo yozizira. Ife Amalawi zimenezi sitifunika kuuzidwa, tikudziwa mmene zimakhalira mafuta ako akamadutsa kwa eni ake, ku Beira, ku Nacala, ku Dar es Salaam. Nkhanza imeneyo inali yeniyeni.

Koma taonani amene anapindula nayo. Oli anakwera pa mkwiyo womwewo, anasainirana ndi China pangano lodutsitsa katundu mu 2016, anadzitcha mtetezi wa dziko, ndipo pa chisankho cha 2017 mgwirizano wake ndi Prachanda unapambana kwambiri moti unatsala pang'ono kufika magawo awiri mwa atatu a nyumba ya malamulo. Anthu anawapatsa zonse. Anati nayi mphamvu, khalani zaka zisanu, tikonzereni dziko. Iwo anachita chiyani? Anakangana kuti mpando ukhale wa ndani, chipani chinagawika, boma linagwa. Palibe mlendo anawalanda mphamvu imeneyo. Anaitaya okha, ndi dyera lawo.

Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Madala amenewa anaphunzira kukhala pamkhate wa "ufulu wa dziko lathu". Ukawafunsa za katangale, akuti iwe watumidwa ndi India. Ukawafunsa za ngongole, akuti iwe watumidwa ndi America. Wa mbali inayo ukamufunsa, akuti iwe ndi wa China. Mu 2020 anatulutsa mapu atsopano oika Kalapani, Lipulekh ndi Limpiyadhura, madera amene India nayo imati ndi ake, m'dziko la Nepal, nyumba ya malamulo yonse inavomereza, anthu anasangalala, ndipo mwina pa nkhani ya malowo akulondola. Koma mapu sanalembe ntchito mwana ngakhale mmodzi. Ndipo ife tikamafalitsa uthenga wa bambo uja, tikuwathandiza kukhalabe pamkhatepo. Tikuwachotsera mlandu anthu amene ana a dziko lawo anawaloza chala masana dzuwa likuswa mtengo.

Bwalo la ndege la Pokhara linamangidwa ndi ngongole ya ku China yoposa madola 200 miliyoni, linatsegulidwa pa 1 Januwale 2023 ndi chimkokomo, ndipo ndege zochokera kunja zimene zimaterapo ndi zowerengeka. Komiti ya aphungu awo omwe inapeza kuti pa ntchitoyo panali kusolola kwakukulu. Ngongole ikudikira kubwezedwa ndi ana amene sanakwerepo ndege kupatula yopita kukagwira ntchito ku Qatar. Anasaina ndani? America nayo inabwera ndi madola 500 miliyoni a bungwe lake lothandiza chitukuko la MCC, a nthambo za magetsi ndi misewu, andale n'kukhala zaka akukangana, ena akuuza anthu awo kuti atuluke mumsewu kukakana, mapeto ake omwewo n'kukavomereza m'nyumba ya malamulo mu Febuluwale 2022. Masana akutukwana mlendo, usiku akudya naye. Ndipo mu 2023 kunaphulika nkhani yonyansa kuposa zonse: anthu a ku Nepal ankalipiritsidwa ndalama zambiri kuti alembedwe ngati othawa kwawo ochokera ku Bhutan kuti apite ku America. Pa omangidwa panali Bal Krishna Khand, amene anakhalapo nduna ya za m'dziko, ndi Top Bahadur Rayamajhi, amene anakhalapo wachiwiri kwa nduna yaikulu. Mmodzi wa chipani cha Deuba, wina wa chipani cha Oli. Pa kudya sasiyana zipani.

Ndiye ndikubwerezanso, ndipo ndibwereza mpaka wina atope nane: ana a ku Nepal sanatumidwe. Anatopa. Dziko lawo linadutsa m'nkhondo ya pachiweniweni kuyambira 1996 mpaka 2006, anthu pafupifupi 17,000 anafa, Prachanda yemweyu akutsogolera zigawenga za Maoist n'kumalonjeza dziko latsopano la anthu osauka. Mu 2008 ufumu unathetsedwa. Ana obadwa nthawi imeneyo ndi amene anali mumsewu mu 2025. Anakula akumva kuti zinthu zisintha, akuona nkhope zomwezo pa kanema, maboma akugwa ndi kudzuka pafupifupi chaka chilichonse. Atamaliza sukulu njira inali imodzi: pasipoti, bwalo la ndege la Tribhuvan, Malaysia, Qatar, Saudi Arabia, Dubai. Ndalama zimene amatumiza kumudzi zimakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a chuma chonse cha dziko. Kunena kwina, amene akudyetsa Nepal ndi mnyamata wonyamula simenti padzuwa la ku Doha, ndipo boma limene iye akulidyetsa linamutsekera WhatsApp yolankhulira ndi amayi ake. Mukufunanso chifukwa china?

Chimene chimandipsetsa mtima kwambiri ndi chipongwe chobisika m'maganizo amenewa. Akakwiya Mfalansa n'kutseka misewu ya Paris, timati anthu akumenyera ufulu wawo. Akakwiya mwana wa dziko losauka, timati pali amene wamutuma. Ngati kuti wosauka alibe mutu. Ngati kuti sangathe kuwerenga yekha kuti 32 ndi yochepa kuposa 89. Za zionetsero za ku Sri Lanka mu 2022 ananena zomwezo, za ku Bangladesh mu 2024 ananena zomwezo, ndipo ife tomwe tikudziwa mmene olamulira amathamangira kunena kuti zionetsero zalipiridwa ndi akunja anthu akangotuluka mumsewu. Timakwiya akatinenera ifeyo. Nanga bwanji tikunenera anzathu?

Zowotcha zija sindikuzivomereza ayi. Pa 9 Sepitembala nyumba ya malamulo inapsa, Singha Durbar kumene kuli maofesi a boma kunapsa, khoti lalikulu linapsa pamodzi ndi mafayilo a milandu ya anthu wamba, Deuba ndi mkazi wake anamenyedwa m'nyumba mwawo, akaidi masauzande anathawa m'ndende. Zimenezo n'zoipa, ndipo adzalipira kumanganso ndi osauka omwewo. Koma moto unayaka tsiku lachiwiri. Tsiku loyamba kunali ana ndi zikwangwani, ndi apolisi a boma la Oli ndi mfuti. Amene akufuna kuyamba nkhaniyi pa moto akudumpha dala mitembo 19.

Oli atachoka mu Sepitembala 2025, mpando unapita kwa Sushila Karki, mayi amene anakhalapo mkulu wa oweruza milandu, mkazi woyamba kutsogolera boma la Nepal, ndipo chisankho anachiika pa 5 Malichi 2026. India, China ndi America onse adzayesa kukoka, zimenezo n'zosachita kufunsa. Koma madala atatu aja akadzabweranso pa kampeni n'kumauza anthu kuti anagwetsedwa ndi alendo, ndikupempha kuti pasadzakhale Mmalawi wowaombera m'manja pa foni.

Ndipo poti mumakonda kwambiri nkhani za mayiko akuluakulu, bwanji simutumiza iyi: anyamata a ku Nepal mazanamazana analowa usilikali wa Russia kukamenya nkhondo ku Ukraine, atanyengedwa ndi madobadoba owalonjeza malipiro abwino, ena akongola ndalama kuti alipire ulendowo. Ambiri afera konko, mabanja ena sanaone ngakhale mtembo. Boma linachita kupempha Russia kuti isiye kuwalemba ndipo kumayambiriro kwa 2024 linaleka kupereka zilolezo zokagwira ntchito ku Russia ndi ku Ukraine. Ameneyo ndiye mlendo amene wagwiritsadi ntchito ana a ku Nepal, ndipo madobadoba owagulitsawo ndi a komweko ku Kathmandu. M'gulu lathu lija palibe ndi mmodzi yemwe amene anatumizapo uthenga wa zimenezi.