Jim Reeves si wa nyimbo za maliro

Dzulo m'minibasi dalaivala anaika Jim Reeves, ndiye mnyamata wina kumbuyo n'kukuwa kuti, "Adalaivala, tichotsereni nyimbo za maliro izi!" Zandiwawa usiku wonse, n'chifukwa chake ndabwera nazo pano.

Ine ndinakula ndi mawu a bamboyu. Malemu bambo anga anabwera ndi mbale zake kuchokera ku Joni, ndipo Lamulungu lililonse m'mawa, iwo akusita malaya a kutchalitchi ndi simbi ya makala, galamafoni inkakhala ikulira pawindo. Singano ikangotera pambale pankayamba kathetheka, kenako liwu lija lakuya, lofatsa, ngati munthu akukulankhulira kukhutu. Amayi ankaima kaye, tsache lili m'manja.

Ambiri sadziwa kuti Reeves sanayambe kuimba chonchi. Anabadwira ku Galloway, ku Texas, mu 1923, ndipo mtima wake unali pa masewero a baseball mpaka pamene anavulala mwendo. Atasiya masewerowo anakhala muulutsi wa pawailesi, mpaka anakafika ku wailesi ya KWKH ya ku Shreveport. Nyimbo imene inamutchukitsa mu 1953, "Mexican Joe", anaiimba mokweza ndi mothamanga monga ankachitira anzake ambiri oimba country, nyimbo za kumidzi ya ku America, nthawi imeneyo. Mutaimvera lero simungamuzindikire msanga.

Mu 1955 analowa ku RCA Victor, kampani yojambula nyimbo. Mu 1957, akujambula "Four Walls" ndi Chet Atkins, wojambula nyimbo wa kampaniyo, anasendera kufupi ndi maikolofoni, milomo kutsala pang'ono kuikhudza, n'kutsitsa mawu. Apa ndiye pamene ndimamugomera. Munthu anali atapeza kale njira yomudyetsa, koma anaisiya n'kusankha kuimba motsitsa pamene ambiri ankakuwa. Zimafuna mtima zimenezo. Ndipo "He'll Have to Go" itatuluka inakhala pa nambala wani masabata 14 pamndandanda wa nyimbo za country mu 1960.

Tamverani mmene amatchulira mawu. Palibe limene amameza. Bambo anga sukulu sanapite nayo patali, koma ankaimba naye limodzi "This World Is Not My Home" kuyambira poyamba mpaka pomaliza, osaphonya. Oimba athu a lero ambiri ali ndi mawu okoma zedi, koma mu studiyo amawakwirira ndi zida, ng'oma pamwamba, mawu pansi, mpaka uthenga kusowa. Ndimalakalaka wina atayesa kungoima ndi maikolofoni, piyano ikulira chapansipansi.

Kufika kwake kuno kumwera sikunali kwangozi. Anakaimba ku South Africa mu 1962, anajambula nyimbo zina m'Chiafrikaans, ndipo mbale zake zinkagulidwa kwambiri kumeneko, kumene abale athu ankagwira ntchito m'migodi.

Anamwalira pa 31 Julayi 1964 ali ndi zaka 40 zokha, ndege imene ankayendetsa yekha itagwa pamvula yamkuntho pafupi ndi Nashville. Mkazi wake Mary anapitiriza kutulutsa zimene anasiya atajambula, ndipo mu 1966 "Distant Drums" inakhala nambala wani ku Britain mwiniwake ali m'manda.

Dalaivala uja sanayankhe kanthu. Anangokweza volyumu pang'ono, ndipo gogo wina amene anakhala pafupi nane anayamba kuimba nawo chapansipansi mpaka pamene anatsikira.