Mwaiwala mawotchi a maatomu

Mwafotokoza bwino mmene asayansi amakolera maatomu ndi kuwala kwa laser, koma apo mwati makompyuta a quantum atsala pang'ono kulowa m'nyumba zathu mwakokomeza, akonzi. Ma qubit, tizigawo timene makompyutawa amasungiramo uthenga, sachedwa kusokonezeka, kaya ndi kutentha kaya kugwedezeka pang'ono chabe, n'chifukwa chake makinawa akadali m'manja mwa ofufuza.

Chomwe tikugwiritsa kale ntchito ndi mawotchi a maatomu. Kuyambira 1967, sekondi imodzi imawerengedwa ndi kugunda 9,192,631,770 kwa mafunde a atomu ya caesium, ndipo GPS ya m'foni mwanumo imadalira mawotchi a maatomu amene ali m'masetilaiti. David Wineland, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2012 pamodzi ndi Serge Haroche, ankakola ma ion (maatomu okhala ndi mphamvu ya magetsi) ku NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo, pofunanso mawotchi olondola kuposa amenewa. Mudzatilembereko zimenezi.