A Zambia anapatsa woimba wawo msewu, ife banjo tinasonkhezera moto

Sabata yathayi ndili ku Lusaka ndinafunsa njira yopita ku ZNBC, wayilesi ya boma la Zambia, kamnyamata kogulitsa mayunitsi n'kungoti, "Tsatani Alick Nkhata Road." Mtima unandiwawa, abale. Mwana wadzulodzuloyu mwina sanamvepo nyimbo ya Nkhata ngakhale imodzi, koma dzina lake amalitchula tsiku ndi tsiku. Nkhata anabadwa mu 1922, anamenya nawo nkhondo yachiwiri ku Burma, kenako n'kukhala mawu odziwika pa wayilesi ya Central African Broadcasting Service, yomwe agogo athu ku Nyasaland ankaimveranso pa timawayilesi tija ta Saucepan Special. Anaphedwa mu 1978 asilikali a Rhodesia ataukira dera la Mkushi. Anzathuwo anangoti munthu uyu asafe kawiri, n'kumupatsa msewu wa phula pakati pa likulu.

Tsono bwerani kwathu. Tchulani msewu umodzi, ngakhale kanjira kopita kuchigayo, kodziwika ndi dzina la woimba banjo. Ndikudikira.

Chonsecho banjo ndi imene inatilera. Inafala nkhondo itatha mu 1945, asilikali a KAR (King's African Rifles) akubwerera kumudzi, ena akuchokera ku Joni ndi ku Halale. Yogula inali yodula, ndiye anthu anayamba kusema zawo: chigubu cha mafuta kapena thabwa logoba, chikopa cha mbuzi, nsambo za waya wa buleki ya njinga. Banjo iliyonse inali ndi liwu lakelake chifukwa panalibe ziwiri zofanana. M'ma 1950 mayina ngati Thailo ndi Kapiye anali pakamwa pa anthu. Lero funsani mwana wa ku koleji, aziyesa ndi osewera mpira.

Za Alan Namoko ndiye musandiyambe. Munthu wosaona wa ku Thyolo, anagwedeza dziko lonse ndi banjo pamodzi ndi gulu lake la Chimvu Jazz, n'kumwalira mu 1995 asanakwanitse ngakhale zaka 40. Nyimbo zake timavina mpaka pano pa maukwati, anyamata amakono amatapamo kayimbidwe osanena n'komwe kuti zikomo. Banjo ya munthu ngati ameneyu ikanayenera kukhala m'galasi, ana asukulu akubwera pa basi kudzaiona. Koma chizolowezi chathu mukuchidziwa: mwini akangotsikira kulichete, chida chimaponyedwa kudenga, makoswe n'kudya chikopa, ana n'kusolola mawaya kukatchera mbewa, chotsala n'kulowa pamoto nthawi ya dzinja nkhuni zikanyowa.

Pano ndivomereze pang'ono, a Zambia asatukumuke kwambiri. Nkhata anali munthu wa gitala, wophunzira, wa ntchito ya pa wayilesi. Anyamata a ku Luapula amene anakuza nyimbo za kalindula ndi mabanjo osema okha, iwonso ambiri anapita opanda chikwangwani. Ndipo ife sitili chimanjamanja ayi. Agogo Giddes Chalamanda tinawakumbukira akadali moyo, mu 2016 anakaimba mpaka ku Library of Congress ku America. Ku Chileka, kwawo kwa Daniel ndi Donald Kachamba, katswiri wa zachikhalidwe Moya Malamusi anatsegula Jacaranda Museum yosungiramo zipangizo zamakolo. Komatu taonani bwino: zonsezi ndi khama la anthu ochepa odzipereka okha. Msewu uja ndi dziko lonse kuvomereza.

A Zimbabwe nawo amanyadira mbira mochita kunyanya, ndipo mu 2020 UNESCO inalemba mbira ndi sansi m'kaundula wake m'dzina la mayiko onse awiri, Zimbabwe ndi Malawi. Zabwino. Koma banjo timaitenga ngati mwana wopeza, ati inachokera kunja. Nanga gitala ya Nkhata inamera m'munda mwa chinangwa?

Chimene chimandichititsa manyazi zedi ndi cha ku South Africa. Mzungu wofufuza nyimbo za mu Africa, Hugh Tracey, anayenda m'midzi yathu mu 1950 ndi 1958 akujambula nyimbo za oimba, ndipo zojambulazo zili ku International Library of African Music, yomwe anaikhazikitsa mu 1954, pano ili ku Rhodes University mumzinda wa Makhanda, m'chigawo cha Eastern Cape. Analemba dzina la woimba, mudzi wake ndi chida chomwe ankaimbira. Ndiye kuti mdzukulu wa ku Zomba akafuna kumva liwu la agogo ake, ayenera kupempha kwa eni a ku Eastern Cape. Ife timangodziwa kudandaula kuti azungu anatibera.

Ngati kwanu kuli banjo yakale ikulendewera kuseri kwa nkhokwe, itsitseni, muipukute, muijambule. Funsani akuluakulu amene alipobe kuti anasema ndani, chaka chanji, ankaimba nayo kuti, ndipo mulembe. Ndipo wina akabwera ndi galimoto n'kukutambasulirani ma K5,000 awiri kuti akakongoletsere loji yake kunyanja, mukanize.