Kanyali ka pepo ako si dzuwa, siyani kunamiza anthu

Ndabwera kunyumba mtima ukuwawa, ndiye mundilole ndilankhule.

Lero ndinapita kukaona alamu anga kuno ku Manchester. Miyezi isanu yapitayo ndinawapatsa cactus wanga, chomera cha minga cha m'chipululu, wa mtundu wa Mammillaria, amene ndinamulera ndekha zaka zinayi kuchokera pa kamphukira kakang'ono ngati nsawawa. Anali wozungulira bwino, minga yake yoyera yothinana, ndipo chaka chatha anamasula timaluwa ta pinki mozungulira mutu ngati nkhata. Ndisanavule n'komwe jekete, alamu akundikoka dzanja: "Alamu, bwerani mudzaone mwana wanu mmene wakulira!" Nditamuona mawu anandithera. Pamwamba pake patuluka chinthu chowonda ngati chala, chotuwa, chofewa, minga yotalikirana, chopendekera kuzenera. Alamu akuti wakula, ine ndikuona chomera chimene chakhala ndi njala ya dzuwa miyezi isanu, chikudzikoka khosi kufunafuna kuwala.

Pambali pake panali kanyali ka pepo kopanira pa shelefu, ka makosi awiri opindika. Alamu anakagula pa intaneti, ndipo bokosi lake anasunga. Palembedwa 1000W, zilembo zikuluzikulu. Ndinatsatira chingwe mpaka kukhoma, n'kupeza kuti kalumikizidwa pa chaja ya foni. Ndinatembenuza chajayo n'kuwerenga: 5V, 2A. Chulukitsani nokha. Ndi ma watt 10 basi. Khumi! Munthu akukugulitsa khumi n'kulemba 1000, usiku n'kukagona tulo tabwino. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Alamu sindikuwaimba mlandu. Anaona kuti m'nyumba muli mdima, anatulutsa ndalama zawo kuti chomera chikhale ndi moyo. Amene ndakwiya nawo ndi ogulitsa bodzawa, amene adziwa kuti mtundu wa pepo umaoneka ngati zasayansi ndiye munthu safunsa zambiri.

Abale anga, cactus ndi chomera cha padzuwa. Ndibwerezanso: cha padzuwa. Kwawo kwa Mammillaria ambiri ndi ku Mexico, m'mapiri a miyala mmene dzuwa limawomba tsiku lonse. Dzuwa la masana likakhala poyera limafika 100,000 lux (lux ndi muyeso wa kuchuluka kwa kuwala). Pabalaza panu pamene mumawerengapo kalata bwinobwino pali 300, mwina 500. Maso athu amazolowera mdima n'kumati kwawala, koma chomera sichinamizika. Ifetu ndiye tiyenera kumvetsa msanga kuposa aliyense. Amene anayendapo masana a Okutobala ku Chikwawa akudziwa dzuwa limene ndikunena, lija lotentha mchenga mpaka wopanda nsapato kumathamangira pamthunzi. Kumbukirani mpanda wa nkhadze kumudzi, wobiriwira pa dzuwa limenelo osadandaula. Nkhadze si cactus, koma moyo wake ndi womwewo. Ndiye mutenge chomera chozolowera moto wotere, muchiike ku Manchester mu Disembala, kumene usana ndi maola 7 ndi theka, dzuwa longokwawa pamwamba pa madenga, masiku ambiri mitambo yokhayokha, n'kuchiyatsira kanyali ka chaja ya foni kali kutali theka la mita. Mukuti chitani? Chiwonda basi. Pansi pa zenera pali hita, ndiye kutentha kukuchiuza kuti chikule pamene kuwala kulibe.

Nyali imene singawalitse mokwanira pamutu pa cactus ndi chokongoletsera m'nyumba. Ikhale ya pepo, ikhale ndi rimoti, ikhale ndi mabatani asanu ndi anayi, ngati kuwala kofika pa chomera n'kochepa ndiye kuti mwagula chidole. Nambala ya pabokosi sidyetsa chomera. Chimadya kuwala kumene kwachifikira, osati kumene wogulitsa walemba.

Ine kwanga ndili ndi nyali ya LED yoyera, imene imakokadi ma watt 30 kukhoma. Ndinasankha yolembedwa pakati pa 5000K ndi 6500K, kuwala kwake koyera ngati kwa masana. Ndinaipachika masentimita 20 pamwamba pa zomera, chifukwa mtunda ndiye nkhani yonse: babu ukalitalikitsa kawiri, kuwala kofika pa chomera kumatsala pafupifupi gawo limodzi mwa anayi. Imayaka maola 14, kenako taima imaizimitsa. Usiku izizima ndithu, chifukwa cactus amatsekula timabowo take topumira usiku kukazizira, masana n'kutseka kuti asataye madzi. Magetsi ake? Ma watt 30 kwa maola 14 sakwana n'komwe theka la yuniti patsiku. Ndiye wina asandiuze kuti anagula ka pepo poopa bilu.

Musanalipire, funsani kuti nyaliyo imakoka ma watt angati enieni. Wogulitsa woona mtima amalembanso PPFD, muyeso wa kuwala kodyetsa chomera kumene kumachifikira, n'kunena kuti anayeza pa mtunda wanji. Amene wangolemba 1000W ndi chithunzi cha tomato wofiira, m'thaweni. Safunsa anadya phula. Ikafika, ikani pa foni pulogalamu yoyezera lux, gonekani foniyo pamene pali mutu wa chomera, muone. Siyeza ndendende, koma ikakuonetsani 1,500 mwadziwa kale kuti mwaberedwa. Ine pansi pa nyali yanga ndikapanda kuona 20,000 ndimaitsitsira pafupi ndi zomera. Kungoti chomera chimene chakhala mumdima musachiike pafupi tsiku limodzi, chimapsa n'kuchita zipsera zosachoka. Muzichisendeza pang'onopang'ono, masabata awiri kapena atatu.

Ndipo kuwala kwa pepoku kumabisa matenda. Pansi pake chilichonse chimaoneka chofanana. Nditamutengera cactus uja kukhitchini pa getsi loyera, ndinapeza tizilombo toyera tonga thonje tabisala pakati pa minga, alamu osationa miyezi yonseyi. Akanationa bwanji m'chipinda chooneka ngati malo ovinira?

Wina anena kuti wake akukhala bwino pa tebulo popanda nyali. Tamuyang'anani bwino. Ngati ndi uja wa masamba ophwatalala amene amamasula nthawi ya Khirisimasi, ameneyo kwawo ndi m'nkhalango za kumapiri ku Brazil, amamera pa mitengo ndi pa miyala pamthunzi, ndi nkhani ina. Ngati ndi wa minga wa m'chipululu, sakukhala bwino, akungochedwa kufa. Ndipo ngati ndalama ya nyali yeniyeni palibe, kuli bwino kumugoneka: muikeni pa zenera la chipinda chozizira, madigiri 5 mpaka 10, osathirira kuyambira Novembala mpaka Malichi. Akagona sakula, ndiye sawonda. Zimenezo n'zaulere, ndipo zimaposa kanyali kabodzako kutalitali.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'choti kuwonda kumeneku sikubwerera. Ngakhale mutamuika pa dzuwa la ku Nsanje mawa, chala chijacho chidzakhala chala mpaka kalekale. Ndamubweretsa kunyumba, ndimudula ndi mpeni wakuthwa, ndidikire bala liume, kenako ndiyambirenso. Zaka zinayi zapita chifukwa cha munthu wina amene anaona kuti kuwonjezera maziro awiri pa bokosi n'kosavuta.

Komanso inu a masitolo akuluakulu, n'chiyani chimene mumachita ndi zomerazi? Mumaziunjika pafupi ndi polipirira, pamene dzuwa silinafikepo chimangireni nyumbayo, m'timiphika topanda bowo pansi. Ena mwawapaka utoto wa buluu, ena mwawamata maluwa ouma ndi guluu pamutu penipeni pamene chomera chimakulira. Sabata yatha ndinayesa kuchotsa duwa lotere pa kamodzi kamene mwana wanga anagula ndi ndalama yake, linachoka ndi khungu lomwe. Pa kapepala kake mwalemba kuti n'chosavuta kusamala, chimakhala paliponse m'nyumba. Paliponse pati?