Nyumba yodziphikira yopanda mthiko ndi chipongwe

Ndakwiya, ndipo wina asandiuze kuti ndiugwire mtima. Inu eni nyumba za alendo kunyanja, mukalemba pa Facebook kuti "self catering" ndiye kuti mlendo azidziphikira yekha. Nanga aziphika ndi chiyani? Azivundula nsima ndi chala?

Ana atatsekera sukulu tinanyamuka kuno ku Kasungu m'bandakucha, ine, bambo akunyumba, ana atatu ndi apongozi anga. Agogowa anabadwa mu 1951, chaka chomwe Ilala inayamba kuyenda panyanja, ndiye akhala akutivutitsa kuti akufuna akamuone mnzawoyo ali padoko maso asanachite khungu. Tinati chabwino, Nkhata Bay. M1 yonse ija, Jenda, Chikangawa, Mzuzu, kenako chitsetsereko chija mpaka makutu kutseka. M'buti munali ufa woyera wokonola ndekha, nyemba, nsinjiro, tomato wogula pa Jenda ndi tambala wamoyo.

Pachithunzi nyumba inali yosiririka, khonde loyang'ana padoko, makatani oyera mbee. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Nditalowa m'khitchini ndinapeza matambula a vinyo 6, chowotchera buledi, mafoloko odzaza dirowa, ndi kapoto kamodzi koti mazira anayi okha adzazemo. Mthiko palibe. Chipande palibe. Poto wa nsima ya banja palibe. Chitofu cha magetsi mbali imodzi yokha ndiyo imayaka, ndipo dzuwa litangolowa magetsi anathima, mdima bii. Mbaula palibe, ngakhale khala limodzi.

Ndinawaimbira eni ake. Ati, "Mayi, alendo athu ambiri amakadya kulesitilanti." Ha! Ndikanafuna lesitilanti ndikanasenza thumba la ufa kuwoloka nalo Chikangawa? Nyumba ngati iyi timaisankha dala kuti gogo adye nsima yomwe anaizolowera komanso kuti ndalama isathere pa tchipisi. Chomwe ndinalipira ndi khitchini. Bedi ndikanalipeza pa resiti hausi iliyonse ku Mzuzu.

Anatipulumutsa ndi mlonda. Ndinachita kumupempha, "Achimwene, alamu athu kunyumba alibe mthiko wapadera?" Anatsika ndi tochi ya pafoni, n'kubwera ndi mbaula, sefuliya yakuda bii ndi mthiko wawo wa kondowole, wonenepa ngati nkhafi. Nsima inapsa 9 koloko usiku, ana atakhuta mabisiketi, apongozi akuwodzera pampando ndi njala. Amayi anzanga amene muli pabanja mukudziwa manyazi ake, mtengwa kugoneka apongozi ndi njala ufa uli pomwepo.

Mwina eni akewo amakhala ku Lilongwe ndipo anakonzera azungu, kaya, sizikundikhudza. Nyumba ili pa dothi la Malawi, ndalama mukulandira ndi makwacha athu, koma khitchini simungaphikidwe nsima. Imeneyo si khitchini, ndi malo ojambulirapo zithunzi. Mthiko pamsika ndi ndalama zingati? Munakwanitsa kugula matambula a vinyo, mthiko ndiye wakulakani? Ngati simukufuna utsi wa makala pakhonde lanu nenani poyera kuti odya nsima asabwere, tidziwiretu, osati kulandira dipoziti mwaulemu kenako kutisiya tikupemphetsa ziwiya kwa mlonda yemwe mwina simumulipira n'komwe bwino.

Ilala agogo anaiona, anaima nayo pagombe ola lathunthu osalankhula. Ndi chokhacho chomwe sindikudandaula.

Ndipo inu anyamata ogulitsa nsomba pagombe paja, ndinakuonani. Batala yemweyo munanditchulira mtengo wina mutamva Chichewa changa cha ku Kasungu, mayi wina atafunsa m'Chitonga mtengo unatsika pomwepo ine ndili chiimire. Mumayesa aliyense wochokera ku Kasungu wangogulitsa kumene fodya?