Kumanga munthu asanalakwe

Dzulo usiku ndinaoneranso Minority Report, filimu ya Steven Spielberg ya mu 2002 ija, ndipo tulo tinachedwa kubwera. Ambiri amaikumbukira chifukwa cha liwiro la Tom Cruise ndi magalimoto oyenda m'zipupa. Ine chinandigwira ndi bambo wa koyambirira uja.

Kwa amene simunaonere, nkhani yake ili ku Washington m'chaka cha 2054. Apolisi a nthambi ya PreCrime agoneka anthu atatu m'thamanda, ndipo atatuwo amaona kuphana kusanachitike. Makina amatulutsa kampira kamtengo kolembedwa dzina la wodzapha, apolisi n'kuthamangira komweko. Mzinda watha zaka 6 popanda wophedwa. Ndiye bambo uja wabwerera kunyumba kudzatenga magalasi amene anaiwala, wapeza mkazi wake ali ndi mwamuna wina, sizasi ili m'manja. Asanabaye, amugwira. Akulira kuti sanachite kanthu, ndipotu sakunama: mkaziyo ali moyo, magazi palibe. Koma akukatsekeredwa basi, osaimako m'bwalo la milandu.

Ndivomereze, mtima wanga unali kwa apolisiwo. Aliyense amene anathyoleredwapo nyumba usiku akudziwa chomwe ndikunena. Atabwera wandale n'kukulonjezani kuti zigawenga zizigwidwa zisanatuluke pakhomo, mungavote mosaganiza kawiri.

Apa m'pamene ndimagwirizana ndi olemba ndemanga a ku America ndi ku Britain a mbali yotchedwa center-right, aja amati boma likhale ndi malire ndipo lamulo likhale pamwamba pa wolamulira. Mfundo yawo ndi yakale. Lord Acton, wolemba mbiri yakale wa ku Britain, analemba mu 1887 kuti mphamvu imavunditsa munthu, ndipo ikakhala yopanda malire imamuvunditsa kotheratu. Mufilimumu zili chomwecho. Nthawi zina Agatha, waluso kwambiri mwa atatu aja, amaona zosiyana ndi anzake, kutanthauza kuti womangidwayo mwina akanasintha maganizo. Akuluakulu amafufuta umboni umenewo kuti anthu asakayikire ntchito yawo. Ndipo Lamar Burgess, mkulu wa PreCrime amene aliyense amamupatsa ulemu, ndiye anapha mayi ake a Agatha, n'kubisa mlanduwo pogwiritsa ntchito makina omwewo. Makina anapangidwa bwino ndithu, koma makiyi anali ndi munthu.

Ife Amalawi sitifunika kudikira 2054 kuti timvetse. Jack Mapanje anamangidwa mu 1987, anakhala ku Mikuyu mpaka 1991, osauzidwa mlandu wake ngakhale tsiku limodzi. Lamulo la nthawi ya Kamuzu linkalola kutsekera munthu pongomuganizira kuti angasokoneze chitetezo cha dziko. N'chifukwa chake malamulo aakulu a 1994 amati womangidwa akaonekere kukhothi pasanathe maola 48. Ena amadandaula kuti lamuloli limakondera akuba. Amene analilemba ankakumbukira anzawo omwe anatengedwa usiku.

Koma anzathu a center-right aja sindingawasiye osawafunsa. Chaka chomwe filimuyi inatuluka, mu Januwale 2002, boma la America la George W. Bush linatsegula ndende ya Guantanamo ku Cuba yotsekeramo oganiziridwa uchigawenga, ndipo ambiri mwa olemba omwewo analiikira kumbuyo. Ankati uchigawenga wa pa 11 Seputembala 2001 wasintha zinthu, sitingadikire bomba liphulike. Imeneyotu ndi mfundo ya Burgess, yangosintha malaya. Amaopa boma lamphamvu likakhala m'manja mwa chipani china, koma likakhala lawo amati ndi chitetezo. Kwathu kuno khalidweli timalidziwa: ali kotsutsa amalira ndi apolisi, akalowa m'boma amatuma apolisi omwewo. Ku Guantanamo ena anakhalako zaka zoposa 20 osazengedwa mlandu uliwonse, ndipo sindinawerenge ndemanga zambiri za mbali imeneyo zowadandaulira.